Madzi Saiwala Khwawa: Kodi Munthu Wozolowera Tchimo Angasinthe?

Akhristu anzanga, pali mawu ena amene ansembe ndi akatekisiti amawamva kawirikawiri koposa mawu ena onse. Mwamuna amene mowa wamutha amati: "Ndidazolowera, sindingathe kuleka." Mayi wa lilime lakuthwa amati: "Ndi mmene ndidabadwira." Mnyamata wa njuga amati manja ake amangopita okha. Ena mwa ife tikamva zotere timapsa mtima, ndi kunena kuti munthuyo akunama, akungofuna pobisala. Enanso timagwa mphwayi, ndi kuvomera kuti indedi mtengo wokhota suongoka. Funso lake ndi lakale ndiponso lalikulu, pakuti mtendere wa banja ndi chipulumutso cha munthu zatsamira pomwepo. Kodi munthu amene chizolowezi chamumanga akali ndi ufulu? Ngati ali nawo, bwanji amagwa kawirikawiri? Ngati alibe, tingamuimbe bwanji mlandu, nanga kulapa kwake kuli ndi ntchito yanji?

Masiku ano akatswiri ofufuza za ubongo ali ndi njira yoonera ndi maso zimene zimachitika m'mutu mwa nyama yamoyo pamene ikuphunzira kanthu. Nkoyenera kuti Mkhristu azidziwe zimenezi, chifukwa ena amazitenga ngati umboni wakuti munthu alibe mzimu, pomwe tikaziyang'anitsitsa zimatithandiza kumvetsa bwino zimene Eklezia wakhala akuphunzitsa za chizolowezi kuyambira kalekale.

Zimene zili m'kati mwa ubongo

Ubongo wa munthu uli ndi maselo otumiza mauthenga pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse lili ndi nthambi monga mtengo, ndipo limapatsira uthenga kwa anzake pa timalo tating'onoting'ono pamene nthambizo zimayandikana. Malo olumikizirana otere Mngelezi wina, Charles Sherrington, adawatcha synapse m'chaka cha 1897. Zaka zingapo asadatero, mu 1888, dokotala wa ku Spain, Santiago Ramón y Cajal, poyang'ana nthambizo pa maikulosikopu adaona kuti zili ndi tinthu totuluka monga timinga, ndipo dzina la timinga lidakhala lomwelo mpaka lero. Pa nsonga za timinga timeneti ndi pamene malo ambiri olumikizirana amapezeka. Kuchepa kwake nkodabwitsa: mutatenga milimita imodzi ndi kuigawa pa 1,000, mbali imodzi ndiyo ingafanane ndi kamunga kamodzi.

Cajal ankangoona ubongo wa nyama zakufa, koma adaganiza patali. Polankhula ku London mu 1894 adati mwina munthu akamagwiritsa ntchito nzeru zake, nthambi za maselo zimachuluka ndi kulumikizana kwake kumalimba. Mu 1949 Donald Hebb wa ku Canada adafotokoza ganizolo bwino lomwe: selo limodzi likamadzutsa linzake kawirikawiri, njira ya pakati pa awiriwo imalimba. Mu 1973 Tim Bliss ndi Terje Lømo adalengeza zimene adapeza ku Oslo pa akalulu, kuti njira ya muubongo ikagwedezedwa ndi magetsi mobwerezabwereza, imakhalabe yamphamvu kwa maola ambiri pambuyo pake. Komabe nthawi imeneyo padalibe munthu amene adaonapo kamunga kakuphuka kapena kufota m'nyama yamoyo.

Zenera la pamutu pa mbewa

Zinthu ziwiri ndizo zidatsegula khomo. Choyamba chidachokera m'nyanja ya mchere. Mu 1962 Osamu Shimomura wa ku Japan adalengeza kuti wapeza puloteni yowala mobiriwira m'kanyama kofewa kotchedwa jellyfish. Mu 1994 Martin Chalfie adaonetsa kuti nkotheka kuchititsa maselo a nyama zina kupanga puloteni yomweyo, kotero kuti aziwala akaunikidwa. Anthu awiriwa, pamodzi ndi Roger Tsien, adalandira mphoto ya Nobel mu 2008. Chachiwiri ndi maikulosikopu ya mtundu watsopano imene Winfried Denk, James Strickler ndi Watt Webb adapanga pa yunivesite ya Cornell ku America mu 1990. Iyo imatumiza kuwala kwa laser kumene kumalowa m'kati mwa mnofu popanda kuuwononga kwenikweni, ndipo kumawalitsa kadontho kamodzi kokha pa nthawi imodzi, mpaka chithunzi chonse chitakwanira.

Tsono akatswiri amatenga mbewa imene maselo ake ena a muubongo amawala, amaigoneka ndi mankhwala, nachotsa kachigawo ka chibade ndi kuikapo kagalasi, kapena amapala fupalo mpaka litapyapyala. Kudzera pa zenera limeneli amatha kuona nthambi imodzi yomweyo lero, mawa, ndi mwezi wamawa, nawerenga timinga take monga mlimi awerengera mbewu zake m'munda. Maso awo safika pakuya, amangoona za pamwamba pa ubongo. Ndipo tiyenera kukumbukira kuti zonsezi zimachitika pa mbewa, osati pa anthu. Koma popeza maselo athu ndi a mbewa adapangidwa mofanana, zimene adaona zili ndi phunziro kwa ife.

Zinthu zinayi zimene adaona

Poyamba adaona kuti ubongo wa wamng'ono ndi wofewa, ndipo wa wamkulu ndi wokhazikika, koma si wouma. Mu 2002 gulu la Wen-Biao Gan ku New York lidapeza kuti mwa mbewa zazing'ono timinga 73 pa 100 tinali tikadalipo patapita mwezi, pamene mwa mbewa zazikulu tinali 96 pa 100. Chaka chomwecho gulu la Karel Svoboda lidapeza kusintha kochuluka koposa pamenepo mwa mbewa zazikulu, ndipo magulu awiriwa adatsutsana zaka zingapo za chiwerengero chake. Onse adavomerezana pa chinthu chimodzi, kuti ngakhale muubongo wa nyama yaikulu timinga tina timaphuka ndipo tina timachoka.

Kachiwiri adaona kuti kuphunzira kumamanga, ndipo kubwereza kumasunga. Mu 2009 gulu la Yi Zuo ku Santa Cruz, m'dera la California, lidaphunzitsa mbewa kupisa dzanja pa kampata kuti zitenge njere. Ola limodzi lisadathe timinga tatsopano tidaoneka pa mbali ya ubongo imene imayendetsa dzanjalo. Timinga tatsopano kawirikawiri sitikhalitsa, koma mbewa zikapitiriza ntchitoyo tsiku ndi tsiku, tochuluka tinkakhazikika, ndipo tina takale tinkachoka, kotero kuti chiwerengero chonse chinkabwerera mwakale. Mu 2015 gulu la Haruo Kasai ku Tokyo lidachita chodabwitsa china: lidaphunzitsa mbewa kuyenda pa ndodo yozungulira osagwa, kenaka ndi kuwala lidafotetsa timinga tokhato timene tidakula pa kuphunzirako, ndipo luso lija lidatayika.

Kachitatu adaona kuti ubongo susankha chimene ukumanga. Mu 2013 gulu la Linda Wilbrecht ku California lidapatsa mbewa mankhwala ozunguza bongo otchedwa cocaine, ndipo patangopita maola awiri timinga tatsopano tidaoneka kutsogolo kwa ubongo. Mbewa zimene zidaphuka timinga tochuluka ndizonso zinkakonda kwambiri kubwerera kumalo kumene zidalandirira mankhwalawo.

Kachinayi adaona kuti njira yakale siifafanizika msanga. Mu 2009 Sonja Hofer ndi anzake ku Germany adatseka diso limodzi la mbewa kwa masiku angapo, ndipo ubongo udaphuka timinga tatsopano pozolowera kuona ndi diso limodzi. Atatsegula disolo mbewa idayambanso kuona monga kale, koma timinga tija sitidachoke. Atalitsekanso kachiwiri, sipadafunike tatsopano: takale tomwe tija tidangokula. Gulu la Zuo nalonso lidaona kuti mbewa zikabwerera ku ntchito ya njere patapita miyezi, luso lidali likadalipo, ndipo ubongo sudafunike kumanganso. Makolo athu adanena bwino kuti madzi saiwala khwawa.

Kodi tsono munthu ndi mnofu chabe?

Wina angati: "Onani, luso ndi chilakolako ndi timinga chabe. Munthu ali ngati makina, ndipo za mzimu ndi za tchimo ndi nthano." Mawu amenewa akadatiopsa tikadakhala kuti timaphunzitsa kuti mzimu uli m'thupi monga mlendo m'nyumba ya eni. Eklezia saphunzitsa motero. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adafotokoza kuti mzimu ndiwo umapatsa thupi moyo ndi umunthu wake, kotero kuti ziwirizi zimapanga munthu mmodzi. Ndipo Msonkhano waukulu wa Eklezia wa ku Vienne udatsimikiza chiphunzitso chimenechi mu 1312. Ngati munthu ndi mmodzi, nchachidziwikire kuti zimene amachita ndi kufuna kwake ziyenera kusiya chizindikiro m'thupi mwake. Chikadatidabwitsa nchakuti munthu apemphere zaka 40, kapena aledzere zaka 40, koma ubongo wake osasinthako konse.

Taonaninso malire a maikulosikopu. Iyo imaonetsa kuti kamunga kakula, koma singanene ngati chimene chaphunziridwacho ndi chabwino kapena choipa. Kamunga ka mbewa yotola njere ndi ka mbewa yofuna cocaine tonse timawala mobiriwira chimodzimodzi. Dzanja la mzamba ndi dzanja la wopisa m'matumba a anthu pamsika onse adaphunzira luso lawo mwa njira imodzi. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna munthu wodziwa choona ndi chabwino, ndipo katswiri woyang'ana pa galasi lija ndi mmodzi wa anthu otero. Iye akanena kuti zimene wapeza ndi zoona, safuna kungotiuza kuti timinga take takula. Akutiuza kuti tiyenera kuzikhulupirira chifukwa zili ndi umboni. Potero iye mwini akuchitira umboni kuti mwa munthu muli mphamvu yoweruza pakati pa choona ndi chonama, imene siyezedwa ndi mamilimita.

Mbewa siidzifunsa ngati nkoyenera kubwerera kumene idalandirira mankhwala. Koma chidakwa chimene chimati "sindingathe kuleka" chayamba kale kuweruza chizolowezi chake, ndipo chimadana nacho ngakhale chikuchitsata. Kudandaula kumeneko ndiko chizindikiro chakuti ufulu udakalipo, ngakhale wavulala.

Ufulu uli pati?

Apa tiyenera kupewa zolakwa ziwiri. Cholakwa choyamba ndi cha ouma mtima, amene amati munthu wozolowera tchimo angathe kuleka lero lomwe atangofuna. Iwo amaiwala kuti chizolowezi chili ndi mizu m'thupi. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene adatuluka mu 1992, amaphunzitsa kuti umbuli, mantha ndi chizolowezi zingathe kuchepetsa mlandu wa munthu pa chimene wachita. Cholakwa chachiwiri ndi cha ogwa mphwayi, amene amati popeza chizolowezi chili m'thupi, munthu alibe chochita. Iwo amaiwala kuti khwawa lidakumbika ndi madzi oyenda kawirikawiri, ndipo kuti ubongo womwewo umene udamanga njira yoipa ungathenso kumanga ina. Katekisimu yemweyo amachenjeza kuti tchimo likamabwerezedwa limabala khalidwe loipa, ndipo amati khalidwe lokoma ndi chizolowezi cholimba chochita zabwino.

Augustine Woyera, amene adatembenuka mtima ku Milan mu 386, adadziwa zimenezi pa moyo wake. M'buku limene adaululamo za moyo wake amafotokoza kuti ukapolo wake udayamba ndi kufuna kokhota, kufunako kudabala chilakolako, chilakolako chitatsatidwa chidasanduka chizolowezi, ndipo chizolowezi chosaletsedwa chidasanduka unyolo. Iye sadakane kuti unyolowo udali weniweni, ndiponso sadakane kuti adausula yekha, mphete imodzi imodzi.

Tsono ufulu wa munthu wozolowera tchimo usamafunidwe pa nthawi imene chiyeso chafika pachimake. Mwamuna amene wakhala kale pansi pa bwalo la kachasu, botolo lili m'manja, anzake akumuseka, ufulu wake pa ola limenelo ndi wochepa ndithu. Koma m'mawa wa tsiku lomwelo, mutu uli bwino, iye adali ndi ufulu wosankha njira yobwerera kunyumba, wosankha anzake oyenda nawo, wopereka malipiro ake kwa mkazi wake kuti amusungire. Mlandu wake waukulu uli pamenepo, ndipo chiyembekezo chake chilinso pomwepo. Nchifukwa chake Eklezia amafuna kuti wolapa atsimikize mtima kupewa mipata ya tchimo. Lamulo limeneli si lochokera kwa ansembe okonda kuvuta anthu. Ndi nzeru yodziwa kuti njira yakale ikadalipo, ndipo ikungodikira madzi.

Nanga chaulere cha Mulungu? Pa sakramenti la Kulapa tchimo limakhululukidwa lonse nthawi yomweyo, ndipo munthu amatuluka ali bwenzi la Mulungu. Koma Eklezia sadalonjezepo kuti chikhululukiro chimachotsa zovuta zonse zimene tchimo lidasiya. Nchifukwa chake pali ntchito yolipira imene wansembe amapereka. Mulungu angathe kuchiritsa munthu pa kamphindi, ndipo nthawi zina amatero. Koma kawirikawiri chaulere chake chimagwira ntchito kudzera m'chilengedwe chimene Iye mwini adalenga: chimapatsa munthu mphamvu yosankha bwino lero, ndi mawa, ndi mkucha, mpaka njira yatsopano itakhazikika. Wolapa amene akumvabe chilakolako asaganize kuti kulapa kwake kudali kwachabe.

Chitsanzo cha Matt Talbot

Ku Dublin, m'dziko la Ireland, kudali mwamuna wina dzina lake Matt Talbot, amene adabadwa mu 1856. Adayamba kumwa ali ndi zaka 12, pogwira ntchito kwa ogulitsa vinyo, ndipo kwa zaka 16 malipiro ake ankathera ku mowa. Mu 1884, ali ndi zaka 28, adalonjeza pamaso pa wansembe kuti aleka, poyamba kwa miyezi itatu yokha, ndipo pambuyo pake kwa moyo wake wonse. Zaka zoyamba zidali zowawa kwambiri. Iye sadadalire kulimba mtima kwake: ankapita ku Misa mbandakucha tsiku lililonse asadapite kuntchito, madzulo ankakhala m'tchalitchi m'malo mokhala ndi anzake akale, ankapewa kuyenda ndi ndalama m'thumba, ndipo adabweza ngongole zake za mowa. Adamwalira mu 1925 ali pa ulendo wopita ku Misa, atakhala zaka zoposa 40 osamwa, ndipo mu 1975 Papa Paulo VI adamutcha Wolemekezeka. Talbot sadamvepo za timinga, koma adachita zomwe akatswiri adadzaona pa zenera lija: adasiya njira yakale kuti ikhale yopanda madzi, nakumba yatsopano tsiku ndi tsiku, podziwa kuti yakaleyo siidathe.

Mawu kwa akatekisiti ndi makolo

Inu akatekisiti anzathu pa ntchito, ndi inu makolo, pali zinthu zingapo zoti musunge.

Yambani msanga ndi ana. M'mera mpoyamba. Mwana amene amagwada ndi makolo ake madzulo aliwonse, amene amaona bambo wake akupepesa akalakwa, akumanga njira zimene zidzamuthandiza inu mutapita. Momwemonso mwana wotumidwa kukagula mowa, ndi womva zotukwana tsiku lililonse, akuphunzira ngakhale palibe amene akumuphunzitsa. Musanyozenso kubwerezabwereza mapemphero ndi mayankho a katekisimu, malinga afotokozedwe kuti amveke. Chimene chamveka kamodzi kokha sichikhalitsa.

Musataye mtima ndi akuluakulu. Gogo wa katekumeni amene akuvutika kuloweza pemphero si wouma mutu. Ubongo wa wamkulu umasintha pang'onopang'ono, koma umasintha. Mpatseni zochepa, kawirikawiri, ndipo mulezereni mtima.

Munthu akagwanso patapita miyezi ya kudziletsa, musamutche wachinyengo, ndipo musamuchititse manyazi pamaso pa mphakati. Kugwanso kumafulumira chifukwa njira yakale idalipo. Koma muuzeninso kuti miyezi ija siidapite pachabe, pakuti njira yabwino nayonso siifafanizika msanga. Ansembe ambiri aonapo munthu amene adathawa tchalitchi zaka makumi angapo akunena mapemphero a ubwana wake pa mphasa ya imfa, osaphonya liwu.

Musangouza munthu kuti "leka". Muthandizeni kupeza chochita pa ola limene ankachimwa. Ngati ankamwa Loweruka masana, Loweruka masana akhale ndi ntchito ndi anzake ena: kwaya, dimba, kuyendera odwala. Ndipo amene mowa kapena chamba zamulowerera kwambiri aperekezedwe kuchipatala, pakuti kuleka mwadzidzidzi mowa wa zaka zambiri kungathe kudwalitsa munthu koopsa. Kufuna thandizo la dokotala sikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro, popeza thupi nalonso ndi la Mulungu.

Potsiriza, aliyense wa ife adziyang'ane yekha. Palibe tsiku limene sitikumanga kanthu m'mitu mwathu. Bodza laling'ono la lero, mjedo wa pachitsime, maola otayika poyang'ana zonyansa pa foni, zonsezi zikukumba khwawa, ngakhale ife tikuti nzazing'ono. Pemphero lalifupi la m'mawa, liwu laukali limene talimeza, ndalama ya eni imene tabweza, izinso zikukumba lake. Tisadikire kuti tidzasankhe zabwino pa tsiku la chiyeso chachikulu, pakuti tsiku limenelo mapazi athu adzatsata njira imene tidaizolowera. Tipemphe Mulungu, amene adalenga thupi ndi mzimu womwe, kuti atipatse chaulere chakuyamba lero, ndiponso mtima woleza kwa abale athu amene akuyambanso kachikhumi.